Msuku wa m'Chulu

Lefani Kalumbu analota atafika kuntchito m'mawa monga mwa masiku onse, tayi ili pakhosi, nsapato zili waliwali, ndipo anapeza anthu akufa a kumudzi kwawo atakhala pansi m'chipinda cholandirira alendo. Amuna anali mbali yawo, akazi mbali yawo atatambalala, monga amakhalira pasiwa. Mipando yofewa inalipo, koma palibe anaikhudza. Zoti ndi akufa sizinamudabwitse konse. Chimene chinamuvuta n'chakuti anabwera tsiku lolakwika.

Nyumba imene ankagwiramo ntchito inali yosanja, yaitali moti ukamaiyang'ana chipewa chimagwa. Dzina lake lenileni linali la Chingerezi, lolembedwa pagalasi, koma akabaza ndi makondakitala a mu Lilongwe ankangoitcha Chulu, ndipo sankanama, poti amene anaijambula anaonera chiswe. Mphepo inkalowera m'mabowo a pansi n'kumayenda m'makoma, yotentha n'kutulukira pamwamba, mwakuti ngakhale mu Okutobala munkakhala kamphepo kayaziyazi popanda makina oziziritsa. Padenga anayalapo masola. Madzi a mvula ankatsikira m'thanki ya pansi pa nthaka, omwewo n'kumatsuka zimbudzi ndi kuthirira zomera. Njerwa yootcha munalibe ngakhale imodzi, kuti pasafe mtengo chifukwa cha nyumbayo. Magetsi ankayaka okha munthu akalowa, akatuluka n'kuzima okha. Mipope inkadziwa dzanja la munthu, zitseko zinkadziwa mapazi ake. Inali nyumba yosamala, yoti siiwononga kanthu pamene palibe munthu.

Pakati pa nyumbayo panali bwalo la mitengo yachilengedwe, ndipo bwalo limenelo ndilo linali ntchito ya Lefani. Tsikulo kunkabwera alendo akunja kudzayendera nyumbayo kuti aipatse nyenyezi zake zoiyamikira posamala chilengedwe, ndipo bwana wake, Mayi Chirambo, anali atamuuza kuti adzaime pafupi ndi msuku n'kufotokoza bwino, asadzachite chibwibwi.

Msukuwo unali ndi nkhani yake. Msuku ndi mtengo wamakani, sufuna dothi lachilendo. Mbande zonse zimene Lefani anagula kunazale zinauma, ndipo Mayi Chirambo anali atayamba kumupatsa moni wa pakhosi. Kwawo ku Dowa mapiri anali atametedwa mpala, mitengo inangotsala kumanda, poti kumeneko nkhwangwa siilowa ndipo munthu salowako wamba. Ndiye Lefani, ndi sukulu yake yonse ija, anatenga galimoto ya kuntchito ndi aganyu a m'tauni, n'kupita kumandako tsiku la msika mudzi uli pululu. Udzu unali wofika m'chiuno. Anasankha kamsuku konenepa bwino kamene kanaima chakum'mawa, anakakumba ndi dothi lake lonse, n'kukakulunga m'masaka. Pakhomo pa mlongo wake Zelipa sanaime ngakhale kupempha madzi akumwa. Ankadziuza kuti mtengo ndi mtengo, akufa sawerenga mitengo. Msukuwo unagwira, ndipo aliyense wobwera m'Chulu ankajambulitsa pamenepo.

Tsopano akufa aja atamuona, ananyamuka a Jekapu, telala amene anamusokera yunifomu yake yoyamba. Anawomba m'manja mwaulemu, tepi yoyezera ili pakhosi monga kale.

“Tafika, bwana,” anatero a Jekapu. “Dothi lathu linatsogola, ife tinatsalira pang'ono poti miyendo ndi yakale. Tikhale pati?”

Lefani anayang'ana uku ndi uku kuona ngati mlonda akumva. Anawanong'oneza kuti lero n'kovuta pang'ono, mwina akadikire kaye kuseri kumene amaimika magalimoto, kuli mthunzi wabwino. A Jekapu anayankha kuti anayesa kukhala panja, koma chitseko chimangowatsegukira chokha, ndipo kwawo chitseko chikatseguka ndiye kuti alendo alowe, kukana kumeneko ndi mwano. Enawo anavomereza ndi mitu. Pamwamba pa aliyense wa iwo getsi linali litayaka, lowala bwino, ndipo makoma anali atayamba kupuma mwamphamvu kuti mpweya ukwanire onse. M'chipindamo munkamveka fungo la dothi lonyowa.

Lefani anathawira mu lifiti, chikepe chokwezera anthu chija, kuti akaganize. Anadina batani la ofesi yake, koma lifitiyo inayankhula ndi mawu ake aulemu aja amene imanenera kuti zitseko zikutsekeka. Inati ofesi idikire, iye akufunidwa padenga.

Padenga dzuwa linali litakwera. Amayi angapo a kumudzi, onse oti anawaika kalekale, anali atayanika ufa pa masola onse, akuusalaza ndi manja, ndipo nkhuku ya munthu wina inkayendayenda m'mphepete. Lefani anatsegula pakamwa kuti awakalipire, awauze kuti magetsi a nyumba yonse amachokera pamenepo. Koma maso ake anagwera pa chitenje cha mayi amene anamufulatira. Chinali chobiriwira cha maluwa achikasu. Anachigula yekha mu msika waukulu Khirisimasi ina, n'kuchitumiza pa basi chifukwa analibe nthawi yopita.

Mayiyo anatembenuka. Anali a Nankhoma, amayi ake omubereka. Anapukuta ufa m'manja, anagwada pa simenti yotentha ija, n'kunena kuti, “Mwadzuka bwanji, bwana?”

Lefani anamva ngati wathiridwa madzi ozizira. Anawapempha kuti adzuke, anati ndi iye Lefani, mwana wawo, asatero. Iwo anati akumudziwa bwino, munthu saiwala chimene anabereka, koma pantchito pa anthu pamafunika ulemu, angamuchititse manyazi pamaso pa anzake. Anamuthokoza chifukwa chowaitana m'tauni. Anati ali moyo ankalakalaka atadzaona kumene amagwira ntchito, ndipo ankamva ndithu kuti anali wotanganidwa, sanadandaule. Anayamikira nyumbayo. Anati ndi yanzeru, madzi sataya, dzuwa sataya, ngakhale mphepo ili ndi ntchito yake. Lefani ankangoyang'ana mapazi awo ong'aluka aja, ndipo manyazi ankamuyabwa thupi lonse, chifukwa chimene chinkamuletsa kuwaitana kale chija sichinali kutanganidwa ayi, anali mapazi omwewo.

“Koma pakhomo panga mwasiya pululu,” anatero a Nankhoma.

Iye sanamve, ndipo iwo anafotokoza mofatsa ngati akumuuza mtengo wa feteleza. Anati atawaika, Zelipa anadikira simenti ya chiliza imene mchimwene wake analonjeza. Chaka chinatha, china chinabwera, yankho linali lomwe lija lakuti chaka chamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndiye Zelipa anakwera phiri, anakumba kamsuku ndi dothi lake, n'kudzakabzala kumutu kwawo, poti masuku ndiwo ankagulitsa pamsewu mpaka Lefani kumaliza sukulu. Kamtengo kameneko ndiko kanali chizindikiro chawo, china panalibe.

Lefani anakhala pansi osafuna. Kumanda anakaba akudziwa, chimenecho sangakane. Koma zoti akukumba kumutu kwa amayi ake sankadziwa, ndipo kusadziwako ndiko kunamupweteka kwambiri. Mwana wanji amene amafika pa manda a amake n'kungoona mtengo wonenepa?

A Nankhoma analoza kum'mawa, kumene mitambo inali itayamba kuda. Anati mvula yoyamba ikagwa, dzenje limene anakumbalo lidzadzaza matope, mtumbira udzasalala, udzu udzamera, ndipo zidzukulu zawo zidzawaponda osadziwa. Anati sakupempha zambiri, angowaperekeza ndi mtengo wawo mvula isanagwe.

Lefani anayang'ana wotchi. Inalibe mivi, koma anaiyang'anabe. Anati alendo atsala pang'ono kufika, mtengowo ndi umene akudzaona, akangochoka madzulo adzawaperekeza ndithu pa galimoto.

“Madzulo anu ndimawadziwa, bwana,” anatero a Nankhoma, ndipo anabwerera ku ufa wawo.

Potsika, lifiti inapitirira naye mpaka pansi pa nthaka, kumene kuli thanki ya madzi a mvula. Thankiyo inalibe khoma la tsidya. Inangopitirira n'kukhala kamtsinje ka kudambo kwawo, ndi bango lake, ndi mwala wochapira uja umene ankatererapo ali mwana. Madzi anali ataphwa, kutsala timathithi. Thankiyo inamupatsa moni, kenako inamuuza kuti ili ndi ludzu ndipo yaitana kale mvula. Lefani anaipempha kuti iiuze mvulayo idikire mpaka mawa. Thankiyo inati pepani, ntchito yake ndi yosunga madzi, yobweza mvula sanaiphunzitse.

Atafika pabwalo la mitengo anapeza alendo afika kale. Anali azungu ndi akuda omwe, onse ndi timabaji pachifuwa, ndipo Mayi Chirambo anali pakati pawo akuseka kuseka kwa alendo. Msuku uja unali utabereka, kamtengo kongopitirira mutu wa munthu koma nthambi zili lendelende ndi zipatso. Alendowo ankathyola n'kumadya, akuyamikira kutsekemera, nthanga akulavulira m'manja. Zipatso za kumanda sadya, mwana aliyense wa kwawo amadziwa zimenezo. Akufa aja anali atakhala mozungulira bwalolo, onse atazyolika, kuwachitira manyazi anthu akuluakulu odya zosadya. Patsinde pa mtengowo panakhala a Nankhoma, akutola masuku akugwa n'kumawaika timilutimilu monga ankachitira pamsewu.

Mayi Chirambo anamukodola. Anamutchula kwa alendo kuti uyu ndiye katswiri wathu, amene anakwanitsa kumeretsa msuku pakati pa tauni, ndipo alendo anawomba m'manja ndi manja awo omata. Kenako Mayi Chirambo anatsitsa mawu, nkhope ikusekabe.

“A Kalumbu, mayi awa ndi ndani?”

Makoma anagwira mpweya. Lefani ankadziwa yankho, linali pakamwa pomwepa. Anayang'ana nsapato zosongoka za Mayi Chirambo, anayang'ana mapazi a amayi ake.

“Ndi aganyu, madamu,” anatero. “Amathirira.”

A Nankhoma sanachedwe n'komwe. Anagwedeza mutu n'kuvomera kuti inde, iwo ndi aganyu, bwanawa amawasunga bwino. Ananena choncho kuti amutchinjirize, monga ankachitira kale akaba nzimbe za eni. Pomwepo getsi limene linali pamwamba pa Lefani linazima.

Anasuntha pang'ono, lina la pamenepo linazimanso. Anakupiza dzanja m'mwamba monga amachitira anthu getsi likawaiwala, koma ayi ndithu. Paliponse pamene anaponda panali kamdima kokwana munthu mmodzi, pamene akufa onse anali mbee. Mayi Chirambo anayamba kufunsa kuti a Kalumbu alowera kuti, akumuyang'ana m'maso momwe, n'kupepesa alendo kuti anthu athu ndi otere, amasowa pa nthawi yofunika. Lefani anathamangira kuchimbudzi kuti akasambe kumaso. Anatchera manja pampope, madzi osatuluka. Anayesa mpope wina, ndi wina, mpaka wakumapeto unamumvera chisoni n'kumuyankha.

“Pano palibe munthu,” unatero mpopewo. “Ife sitiwononga madzi.”

Anapita pa lifiti, lifiti sinabwere. Anadutsa pafupi ndi khoma, mphepo ija inamulambalala, ndipo thukuta linali kamukamu mu jekete. Anabwerera pabwalo ali wefuwefu, wosaonedwa ndi wamoyo aliyense. Anamuona ndi a Jekapu okha ndi anzawo. Telalayo anabwera pafupi, anamuyeza ndi tepi kuchokera paphewa mpaka pansi, anapukusa mutu, n'kunena kuti nsalu yatsala yochepa. Kenako anamuuza kuti alendo a kumudzi aona zokwanira ndipo akufuna kupita, koma mlendo sanyamuka yekha ngati wathamangitsidwa, mwini khomo amamutulutsa mpaka panjira. Anati akumbe. Lefani anafunsa khasu. A Jekapu anati khasu linagwira ntchito tsiku lija, lero ndi manja.

Patali kunagunda bingu, magalasi a nyumbayo n'kuchita mdima okha ngati mmene amachitira dzuwa likakula. Lefani anavula jekete, anagwada patsinde pa msuku, pakati pa miyendo ya alendo, n'kuyamba kufukula. Dothilo linali lofunda. Linali dothi lofiira la kwawo, ndipo linkalowa m'zikhadabo mpaka kupweteka. Alendo ankangopitiriza kudya, wina mpaka anamupondera chala osapepesa. Atamaliza anakulunga mizu ndi dothi mu jekete ija. A Nankhoma anamuvula tayi, anaipinda mwaluso n'kukhala nkhata, anamuika pamutu, ndipo a Jekapu anamusenza mtengowo. Poyamba unali wopepuka ngati dengu lopanda kanthu. Atayenda pang'ono unayamba kulemera, kulemera kwake kwa munthu wamkulu wodwala, kumene Zelipa anakudziwa miyezi yonse imene ankadwazika amayi awo ndipo iye sanakudziwepo.

Ananyamuka onse pamzere kulowera kuchitseko chachikulu chagalasi, amuna patsogolo, akazi pambuyo, Lefani kumapeto. Chitseko chinkatsegukira aliyense n'kumutsazika pomutchula dzina. A Nankhoma anatuluka. Lefani atafika, chitseko chinatsekeka bwinobwino, mopanda mkwiyo. Amayi ake anaima kuseri kwa galasi, manja atapinda pachifuwa, mphepo ya mvula ikukupiza chitenje chija.

Chitseko chinafunsa kuti akutuluka ndani. Iye anati ndi Lefani Kalumbu, woyang'anira zomera. Chitseko chinati ameneyo palibe, chamufufuza m'nyumba monse. Anatchula digiri yake, anatchula nambala ya ofesi, anatchula msonkhano wa kunja umene anakayankhulako za mitengo yachilengedwe. Chitseko chinati zonsezo n'zabwino, koma sichikuona munthu, ndipo kutseguka pachabe kumatulutsa mpweya wozizira. Khosi linkamuwawa, dothi linkamugwera m'maso. Kunja madontho anali asanayambe, koma fumbi linali litadzuka kale.

“Ndine mwana wa a Nankhoma,” anatero Lefani, “awo aima panjawo, amene ankagulitsa masuku pamsewu. Si aganyu. Mtengowu ndinauzula pamanda pawo.”

Sanakuwe, koma nyumbayo inatenga mawuwo n'kuwayendetsa m'makoma momwe imayendetsera mphepo, mpaka anamveka pansanja iliyonse. Magetsi onse anayakira iye yekha. Anthu anatuluka m'maofesi n'kudzaima m'makonde kuyambira pansi mpaka pamwamba, onse maso pa iye, munthu wamkulu wopanda jekete, malaya ali matope, tayi ili pamutu. Alendo anayamba kulavula masuku. Mayi Chirambo anangoti, “A Kalumbu,” basi, osawonjezera. Lefani analakalaka nthaka itang'ambika, koma nthaka yake anali ataisenza pamutu. Chitseko chinati chamuona tsopano, ayende bwino, ndipo chinatseguka.

Kunja kunalibe magalimoto, kunalibe msewu. Phazi lake linaponda udzu wa kumanda a kwawo. Mitengo ikuluikulu inali itaima monga mwakale, mbawa ndi mikuyu ndi miwanga, yokhayo imene inatsala m'dera lonselo. Akufa aja anayamba kutsazikana, kufunirana mafuno abwino, aliyense n'kulowera pake. Wina anagona pansi pa chiliza cha matailosi, wina pafupi ndi mtanda wachitsulo, wina pamene panali mbale yobooka. Ankagona n'kukoka udzu ngati bulangete. A Jekapu anapinda tepi yawo, anathokoza chifukwa cha ulendo wa m'tauni, n'kupita. Anatsala a Nankhoma okha ali chilili.

“Ndiikeni pamalo panga, bwana.”

Lefani analowera chakum'mawa, kumene ankakumbukira kuti anakumba. Anapeza udzu. Anatembenuka, uko nakonso kunali kum'mawa. Anayenda ndi katundu wake pakati pa mitumbira yophwa, yofanana ngati mizere ya m'munda wogonera, akufufuza dzenje ndi phazi, koma masamba anali atakwirira paliponse. Amayi ake ankamutsatira pambuyo mwakachetechete, akaima iwonso n'kuima. Pomaliza anatembenuka n'kuwapempha kuti amulozere, poti malowo ndi awo.

Iwo anati sangadziwe. Anati kuno anabwera chogona, maso ali chitsekere, atanyamulidwa ndi anthu. Amene anagona pa chizindikiro amapeza chizindikiro chawo, koma iwo chawo chili pamutu pakepo. Anati amene anali maso tsiku limenelo ndi amoyo, ndipo iye analipo, anamumva kununkhira sopo wa m'tauni.

Analipo ndithu. Anafika maliro atanyamuka kale, anaima kumbuyo kwa anthu kumene foni inkagwira, ndipo adzukulu asanamalize kuumba mtumbira iye anali atalowa m'galimoto, ati kuopa mdima pamsewu. Chimene ankakumbukira cha tsiku limenelo ndi misana ya anthu.

Dontho loyamba linamugwera padzanja, lalikulu, lofunda. Lachiwiri linagwera pa tsamba la msuku. Fungo la mvula linadzuka m'nthaka yonse. A Nankhoma anasendera pafupi, anamuyang'ana kumaso monga ankamuyang'anira akabwera ndi malungo, ndipo zomutchula bwana zija anazisiya.

“Iwe Lefani,” anatero, “sudziwa pamene ndagona?”

Anadzidzimuka. Kunali kutacha, mkazi wake akusesa panja, wailesi ya oyandikana nawo ikulira. Anayang'ana zikhadabo, zinali zoyera. Tayi inali pa mpando pamene anaisiya. Anaseka pang'ono, kuseka kouma, n'kudziuza kuti maloto ndi maloto, mwina ndi nyemba za dzulo. Msuku anakaukumba kumanda, inde, chimenecho chinali choona ndipo ankachidziwa yekha, koma manda aja ndi aakulu, misuku yomera yokha ilimo yambiri. Za Zelipa kukwera phiri palibe anamuuzapo, mutu wake wangopeka. Anasamba, anavala, anamanga tayi. Pawindo mitambo inali bii chakum'mawa.

Nsapato imodzi ili kuphazi, anatenga foni n'kuimbira Zelipa. Inaitana nthawi yaitali. Mlongo wakeyo atayankha anayamba ndi kufunsa ngati kuli kwabwino, poti foni ya m'mawa yochokera kwa iye siinali yozolowereka. Lefani anati kuli bwino, anafunsa za ana, za mbewu, za mbuzi, anazungulira mpaka nkhani zinatha.

“Achemwali,” anatero, “kodi paja amayi tinawaika chapati?”

Zelipa anamveka akuseka ndi misozi yomwe. Anati Mulungu ndi wamkulu, wakhala akupempherera tsiku limene mchimwene wake adzafunse funso limeneli. Anati nayenso papita nthawi asanalowe kumanda, poti chilowereni chilimwe m'mudzi simunagwe zovuta, ndipo udzu uyenera kuti wakula.

“Koma simungasochere, achimwene. Chakum'mawa kuli kamsuku konenepa bwino, ndinabzala ndekha kumutu kwawo. Popanda kameneko ngakhale ine sindingaloze. Mukubwera liti? Amayi asangalala.”

Lefani anatsegula pakamwa. Pa malata panagwa dontho, kenako lina.

“Achimwene? Mukundimva?”